Ndalama zothana ndi kujomba kwa ana kusukulu: tipemphe bwanji, tiwerenge chiyani?

Mayi Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Ndati tikambirane za mapulopozo opempha ndalama zothana ndi kujomba kwa ana kusukulu, chifukwa ambiri amagwera pamalo amodzimodzi. Tsamba loyamba limati ana ambiri sakupita kusukulu, lachiwiri limati wachititsa ndi umphawi, lachitatu likupempha ndalama za misonkhano youza makolo ubwino wa maphunziro. Wowerenga amafika kumapeto osadziwa kuti ana ojombawo ndi angati, ali m'makalasi ati, amajomba masiku ati, komanso kuti adzagogode pakhomo pawo ndani mwana akasowa masiku atatu. Inu amene ntchitoyi mukuidziwa, tiyeni tiiyale bwinobwino.

Bambo Gama:
Zikomo mayi poyambitsa nkhaniyi. Poyambira ndi kaundula wa m'kalasi, koma kawerengedwe kake ndiko kamasocheretsa anthu. Masukulu ambiri amapereka nambala imodzi yokha, kuti tsiku lililonse ana 95 mwa 100 amabwera. Munthu akamva choncho amati zili bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyerekeze sukulu ya ana 200 yomwe imatsegula masiku 180 pachaka. Ngati tsiku lililonse pakusowa ana 10, masiku ojombedwa pachaka ndi 1,800. Masiku amenewa sagawidwa mofanana ayi. Zimatheka kuti ana 40 okha ajomba masiku 30 aliyense, omwe ndi masiku 1,200, pamene ana 160 otsalawo agawana masiku 600, osakwana ndi anayi omwe mwana aliyense. Ndiye kuti mwana mmodzi mwa ana 5 aliwonse wataya masabata 6 athunthu, koma lipoti la sukulu likunenabe 95.

Choncho werengani mwana aliyense payekha. Tengani mabuku a kaundula a chaka chathachi, mwana aliyense akhale ndi mzere wake: kalasi, mnyamata kapena mtsikana, masiku amene sukulu inatsegula iye ali m'kaundula, ndi masiku amene anasowa. Malire amene ambiri amagwiritsa ntchito podziwa mwana wojomba kwambiri ndi kujomba masiku 10 pa 100 aliwonse. Ku England akhala akuwerenga chomwechi kuyambira 2015, ndipo madera ambiri a ku United States amateronso. Pa chaka cha masiku 180 ndi masiku 18, kapena kuti masiku awiri okha pamwezi. Kenako gawani anawo: ojomba masiku osakwana 5 pa 100, a 5 mpaka 9, a 10 mpaka 19, ndi a 20 kupita m'mwamba. Tebulo limeneli likhale patsamba loyamba la pulopozo.

Tadala K.:
Nanga bambo, kaundulayo akakhala wosadalirika? Pali mabuku ena oti ukawatsegula ana onse anabwera teremu yonse.

Mayi Nambewe:
Funso lenileni limenelo, achemwali. Kaundula wodzazidwa tsiku limodzi amadziwika ukamuyang'anitsitsa. Sabata yonse yalembedwa ndi cholembera chimodzi, timizere tonse tapendekera mbali imodzi mothamanga, kutsika tsamba m'malo modutsa tsiku ndi tsiku. Nthawi zina mupeza ana alembedwa kuti analipo pa tsiku la holide, kapena mwana amene anasamuka miyezi iwiri yapitayo akubwerabe papepala.

Mankhwala ake ndi kuwerenga mitu mosachenjeza. Munthu wa pulojekiti afike pasukulu tsiku lomwe sanauze aliyense, aitane mayina a m'kaundula mmodzimmodzi, alembe amene wamuona ndi maso. Zichitike kosachepera katatu pa teremu, masiku osiyanasiyana a sabata, ndipo ulendo umodzi ukhale wa ana atabwera kopuma, popeza ena amayankha dzina m'mawa n'kuzemba. Kafukufuku wa mankhwala a njoka za m'mimba ku Busia ku Kenya, amene anayamba mu 1998 m'masukulu 75, anadalira maulendo odzidzimutsa ngati amenewa, osati mabuku a aphunzitsi okha.

Chinthu chimene chimagwetsa mabungwe ang'onoang'ono n'chakuti pulojekiti ikayamba, aphunzitsi amayamba kulemba kaundula moona, ndiye kujomba kumaoneka ngati kwakwera. Kunalipo kale, kungoti sikunkalembedwa. Mukapanda kuchenjeza opereka ndalama, lipoti lanu loyamba lidzaoneka ngati mwaononga zinthu. Lembani m'pulopozo momwemo kuti nambala yoyambira idzatengedwa pa kuwerenga mitu kwa miyezi iwiri yoyambirira, ndipo kuti mukuyembekezera kuti idzaposa ya m'mabuku akale.

Bambo Jere:
Ndionjezepo pa mawu. Werengani bwino kuti opereka ndalamawo akutanthauza chiyani. Ena akamati truancy akunena kujomba kopanda chilolezo kokha, mwana wothawa sukulu. Ena akunena kusowa kulikonse, kaya wadwala, kaya makolo amutuma, kaya sukulu yamuimitsa. Mukalonjeza kuchepetsa kujomba kopanda chilolezo kokha, nambala imatsika mosavuta kholo likangoyamba kulemba kakalata kopepesa, koma mwana ali kunyumba komweko. Ngati fomu ikulola, lonjezani pa masiku onse amene mwana sanakhale m'kalasi, kenako muwagawe ndi zifukwa.

Zifukwazo musaziganizire muli mu ofesi. Tengani mayina 30 kapena 40 a ana ojomba kwambiri, mucheze ndi mwana payekha ndiponso kholo palokha. Yang'ananinso mmene masiku ojombawo akugwera. Mwana wosowa Lolemba ndi Lachisanu ali ndi vuto losiyana ndi wosowa masiku anayi otsatizana mwezi uliwonse, ndipo onsewa ndi osiyana ndi amene amasowa tsiku la phunziro limodzi lomwelo. Woyambayo mwina ali ndi ntchito kapena ulendo wautali, wachiwiri mwina ndi msambo kapena matenda obwerezabwereza, wachitatu akuthawa mphunzitsi kapena phunziro limene linamusiya kalekale. Mwana amene wafika kalasi yachinayi asakutha kuwerenga amajomba chifukwa cha manyazi, ndipo yunifolomu yatsopano singamubweze.

Chikondi M.:
A Jere, tsono zifukwa zikatuluka zisanu ndi chimodzi, tilembe zonse?

Bambo Jere:
Ayi achimwene. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pulopozo yokhala ndi chakudya, njinga, mapadi a msambo, mpira, misonkhano ya makolo ndi maphunziro a aphunzitsi pa kandalama kochepa imauza wowerenga kuti simunasankhe. Tengani zifukwa ziwiri zimene zikudya masiku ambiri, zinazo mutchule amene mudzawatumizireko ana. Ndipo chimene mwasankhacho chigwirizane ndi umboni umene ulipo.

Ku Busia kuja, kumwetsa ana mankhwala a njoka kunachepetsa kujomba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, koma kumeneko njoka zinali zofala kwambiri, ndipo akatswiri ena anatsutsana nawo mawerengedwewo mu 2015. Kumene njoka kulibe, musatchule kafukufukuyu. Ku Bihar ku India boma linayamba mu 2006 kupatsa atsikana a sekondale ndalama zogulira njinga, ndipo phindu lalikulu linaoneka m'midzi yotalikirana ndi sukulu. Ku Philadelphia ku United States, akatswiri a kafukufuku Todd Rogers ndi Avi Feller anangotumizira makolo makalata onena chiwerengero cha masiku amene mwana wawo wajomba, ndipo ana ojomba mopitirira malire anachepa ndi pafupifupi 10 pa 100. Chinathandiza n'chakuti makolo ambiri ankaganiza kuti mwana wawo wajomba masiku ochepa kuposa enieni. Imeneyi ndi njira yotsika mtengo kwambiri, ndipo ine ndingati ilowe m'pulopozo iliyonse, kaya ndi kalata, uthenga wa pafoni kapena kapepala kopita ndi mphunzitsi.

Mayi Nambewe:
Pa mapadi ndichenjezepo. Emily Oster ndi Rebecca Thornton atafufuza ku Nepal anapeza kuti msambo unkajombetsa atsikana osakwana tsiku limodzi pachaka, ndipo kuwapatsa zipangizo sikunasinthe kabweredwe kawo. Mukalemba kuti mapadi adzathetsa kujomba, wowerenga wodziwa nkhaniyi adzakufunsani umboni.

Mayi Nachisale:
Apo mayi ndikusiyana nanu pang'ono. Kafukufuku wina ku Ghana ndi ku Uganda anaonetsa kuti mapadi ndi maphunziro a za kutha msinkhu zinathandiza atsikana kubwera kusukulu. Komanso kujomba kwa msambo sikuoneka bwino m'kaundula, chifukwa mtsikana amayankha dzina m'mawa, n'kubwerera kunyumba masana atapeza kuti chimbudzi chilibe chitseko kapena madzi. Ululu nawonso umamugoneka, ndipo padi siithetsa ululu. Ndiye ndikuvomereza kuti tisalonjeze zazikulu, koma nkhaniyi isatayidwe. Iyesedwe pasukulupo, mafunso afunse ndi amayi, ndipo ngati vuto ndi chimbudzi, m'bajeti mulowe chitseko ndi loko.

Mayi Nambewe:
Pamenepo tagwirizana, makamaka pa kuwerenga kwa masana.

Chikondi M.:
Nanga zopatsa mabanja ndalama kuti mwana azipita kusukulu?

Bambo Gama:
Zimagwira, koma ndi ntchito ya boma kapena bungwe lalikulu. Pulogalamu ya Progresa ya ku Mexico, yomwe inayamba mu 1997, inkafuna kuti mwana apezeke masiku 85 pa 100, ndipo Bolsa Família ya ku Brazil itayamba mu 2003 inaikanso 85 kwa ana a zaka 6 mpaka 15. Ku Morocco, poyesa pulogalamu ya Tayssir, anapeza kuti ndalama yongotchulidwa kuti ndi ya sukulu, popanda kuopseza kuti idzadulidwa, inathandiza mofanana ndi yokhala ndi malamulo. Bungwe laling'ono likamangirira ndalama pa kaundula limaika mphunzitsi pamoto. Akalemba zoona, banja losauka litaya thandizo ndipo iye ndiye mdani. Ambiri amangolemba kuti mwana analipo, ndipo kaundula amene mumadalira uja wafa. Kuonjezera apo, thandizo la zaka ziwiri likatha mabanja amabwerera pomwe anali.

Mayi Nachisale:
Tifike pa bajeti, pomwe mtima wanga uli. Mzere waukulu uyenera kukhala wa anthu ochita kalondolondo wa ana ojomba, ndipo ndi mzere umene mabungwe amaubisa poopa kuti opereka ndalama sakonda malipiro. Amalemba kuti ntchitoyi adzagwira ndi anthu odzipereka. Wodzipereka amalimba teremu imodzi, akapeza ganyu amachoka, ndipo mwana amene anayamba kumukhulupirira amaona munthu wamkulu winanso akumusiya. Pulogalamu ya Check & Connect, imene inayambira ku University of Minnesota mu 1990, imafuna kuti mlangizi akhale ndi mwana ndi banja lake kosachepera zaka ziwiri, akuona kabweredwe kake pafupipafupi. Chimene chimagwira pamenepo ndi munthu mmodzimodziyo kwa nthawi yaitali.

M'pulopozo onetsani ndondomeko yake tsiku ndi tsiku. Kaundula atsekedwe ola loyamba likamatha. Mayina a ana amene tikuwatsata afike kwa wakalondolondo tsiku lomwelo. Tsiku loyamba kapena lachiwiri, uthenga kwa kholo. Tsiku lachitatu, ulendo wa kunyumba. Pakhomopo mawu oyamba asakhale akuti mwana wanu akujomba. Akhale akuti tamusowa m'kalasi, kodi ali bwanji? Kholo limene layamba kudziteteza silinenanso chifukwa chenicheni. Asanachoke agwirizane chinthu chimodzi chooneka, monga tsiku lobwerera, amene adzamuperekeze, ndi zimene mphunzitsi adzachite kuti mwana asalandiridwe ndi chilango pachipata. Mwana wobwerera patatha masabata atatu n'kukapeza mayeso ndi kunyozedwa, mawa lake sabweranso.

Munthu mmodzi wa ntchito yokhazikika musamusenzetse ana opitirira 25 kapena 30 a gulu la ojomba kwambiri lija, ndipo kumene nyumba zili motalikirana chepetsani. Apa ndi pamene bajeti imabadwira. Ana 120 ndi anthu anayi kapena asanu, kuchulukitsa ndi miyezi 12, osati miyezi ya sukulu yokha, chifukwa ana ambiri amatayika pa holide yaitali ndipo sabata ziwiri sukulu isanatsegule ndi nthawi yoyendera makomo. Pamwamba pake ikani mayendedwe, mayunitsi a foni, ndi kathumba kothetsera zotchinga zazing'ono msangamsanga, monga nsapato, makope, magalasi a maso kapena ulendo wa kuchipatala. Kathumba kameneka kakhale ndi malire a ndalama pa mwana mmodzi, osayinira awiri, ndi lisiti pa chilichonse.

Bambo Jere:
Zimene zimaiwalika m'bajeti: ndalama zimene banki imadula, odita (wofufuza mabuku a ndalama) wa kumapeto kwa chaka, munthu wolowetsa manambala mukompyuta, kusindikiza mafomu, misonkho ndi zina zimene lamulo limafuna pa wantchito aliyense, ndi ndalama zoyendetsera ofesi. Zomalizazi musachite nazo manyazi. Malamulo a thandizo la boma la United States ankalola ndalama zoyendetsera ofesi zokwana 10 pa 100 ya ndalama za pulojekiti kwa bungwe lopanda mlingo wake wokambirana, ndipo kuyambira October 2024 anakweza kufika 15. Bungwe lopereka thandizo la MacArthur Foundation linaika 29 pa 100 kuyambira 2020. Ena salola kalikonse. Zikatero, lendi, magetsi ndi nthawi ya wowerengera ndalama muziwerengere gawo limene pulojekitiyo ikudyadi, n'kuziika ngati mizere yakeyake ngati malamulo awo akulola. Mukazisiya, bungwe lanu lidzalipira lokha kuti ligwire ntchito ya eni ake.

Akafuna kuti nanunso muikepo gawo lanu, funsani ngati chipinda chimene sukulu yapereka ndi maola a anthu odzipereka zikuwerengedwa. Zikaloledwa, zilembedwe mwezi ndi mwezi ndi siginecha, chifukwa odita adzazifuna ngati mmene amafunira malisiti.

Bambo Gama:
Ndalama ikhoza kukwana koma n'kufika nthawi yolakwika. Kalendala ya opereka ndalama siyendera kalendala ya sukulu. Mgwirizano ukasainidwa pakati pa teremu yachiwiri, mwezi woyamba upita polemba anthu ntchito, wachiwiri powaphunzitsa, ndipo mukamayamba kuyenda chaka chatha, ana amene munawawerenga ena asiya kale. Pemphani tsiku loyambira likhale miyezi iwiri kapena itatu chaka cha sukulu chisanatsegulidwe. Kujomba kwa mwezi woyamba ndiko kumalosera chaka chonse, ndiye mwezi umenewo usakupezeni mukufunsa anthu mafunso a ntchito.

Funsaninso kuti ndalama imabwera bwanji. Ena amapereka m'zigawo, chigawo chachiwiri chimatuluka lipoti la choyamba likavomerezedwa, ndipo pakati pamenepo pamatha masabata angapo. Ena amati gwiritsani zanu, tidzakubwezerani. Bungwe lopanda kandalama kosungira malipiro a miyezi iwiri kapena itatu lisavomere njira yachiwiriyi, chifukwa akalondolondo akapanda kulipidwa maulendo amaima, ndipo amaima mwakachetechete, mafomu akudzazidwabe. Ngati thandizo lili m'ndalama ya dziko lina, mgwirizano unene kuti mtengo wosinthira ukasuntha, kutaya kapena kupindula kugwera ndani. Onaninso malire osunthira ndalama kuchoka mzere wina kupita wina. Kawirikawiri ndi 10 pa 100, kupitirira apo pamafunika chilolezo cholembedwa musanagwiritse ntchito.

Walira mvula walira matope: thandizo lililonse limabwera ndi malipoti ake. Kandalama kochepa kofuna lipoti mwezi uliwonse kakhoza kudya nthawi ya anthu anu kuposa phindu lake.

Tadala K.:
Sukulu yeniyeniyo ikulowa pati? Mabungwe ena amalemba pulopozo mphunzitsi wamkulu osadziwa n'komwe.

Mayi Nambewe:
Imeneyo imafa isanabadwe. Kaundula ndi wa sukulu, ndipo mayina a ana satuluka popanda chilolezo. Pafunika mgwirizano wolembedwa ndi sukulu komanso ofesi ya maphunziro yoyang'anira dera, wonena amene adzapereke mayina, tsiku liti, kwa ndani, ndi kumene adzasungidwe. Makolo avomere molemba kapena pamaso pa mboni. Kwa opereka ndalama kupite manambala oimira ana basi. Mayina, zithunzi ndi nkhani za m'banja zikhale m'kabati yokiya.

Ndondomeko yoteteza ana isangokhala pepala lomata pa pulopozo. Amene akuyendera makomo afufuzidwe mbiri yawo, asakhale ndi mwana awiriwiri m'chipinda chotseka, ndipo adziwe kumene angapite tsiku lomwelo mwana akaulula nkhanza. Adzaulula ndithu, chifukwa ena mwa ana ojomba kwambiri akuthawa munthu, kunyumba, panjira kapena pasukulu pomwepo.

Muwerengenso kabweredwe ka aphunzitsi, ngakhale ndi nkhani yowawa kuitchula. Ku Udaipur ku India, m'masukulu a bungwe la Seva Mandir, aphunzitsi ankasowa 42 pa 100 ya nthawi, ndipo malipiro atamangirizidwa ku zithunzi za kamera zosonyeza tsiku ndi nthawi, kusowako kunatsika kufika 21. Mwana amene wayenda ola lathunthu n'kupeza kalasi yopanda mphunzitsi kawiri pasabata akayamba kujomba, vuto silili kunyumba kwawo.

Chikondi M.:
Ena amati njira yachidule ndi chindapusa kwa makolo.

Bambo Jere:
Malamulo otere alipo. Ku England kholo limalipitsidwa mapaundi 80, omwe amakwera kufika 160 likachedwa kulipira. Koma ku Texas, kumene ana ankatengeredwa kukhoti ngati opalamula, mu 2015 anachotsa kujomba pa milandu yaupandu. Bungwe la m'dera lisakhale mbali ya chilango. Anthu akangodziwa kuti wakalondolondo ndi amene amapereka mayina kokalipiritsa, zitseko zimatsekedwa ndipo ana amabisidwa.

Tadala K.:
Funso lomaliza kwa ine. Tilonjeze kutsitsa ndi zingati?

Bambo Gama:
Lonjezani pa chiwerengero cha ana opitirira malire a 10 pa 100, ndipo chikhale chimene anthu anu angakwanitse. Ngati ali 40 mwa 200, kunena kuti adzatsala 30 pakutha pa chaka chachiwiri n'komveka kuposa kunena kuti kujomba kudzatheratu. Yerekezani teremu ndi teremu inzake ya chaka chatha, osati yoyamba ndi yachitatu ya chaka chimodzi, popeza nyengo, matenda ndi ntchito za m'mabanja zimasinthasintha m'chaka.

Samalani ndi misampha iwiri. Woyamba: mukasankha ana ojomba kwambiri chaka chino, ena mwa iwo chaka chamawa adzabwera bwino okha, chifukwa anadwala kamodzi kapena kunali maliro. Ndiye nenani manambala a sukulu yonse pambali pa a gulu lanu, ndipo ngati n'kotheka onetsaninso sukulu ina yofanana nayo imene simunafikeko.

Wachiwiri ndi woopsa kwambiri. Mwana akasiyiratu sukulu n'kufufutidwa m'kaundula, kabweredwe ka kalasi kamaoneka ngati kakwera. Sungani mndandanda wa tsiku loyamba mpaka kumapeto, ndipo dzina lililonse likhale ndi yankho: akubwera, anasamukira sukulu ina ndipo sukuluyo yatsimikiza, kapena anasiya. Amene simunamupeze mumulembe kuti sanapezeke, ndipo akhalebe m'chiwerengero cha ojomba.

Mayi Nachisale:
Pa ana osamukawo, a Gama, chitsimikizo chichokere kusukulu yatsopanoyo, osati kwa achibale okha. Mawu akuti anapita kwa azakhali ake nthawi zina amabisa ukwati kapena ntchito. M'bajeti muikemo mafoni ndi maulendo angapo otsatira ana amenewa, makamaka mwezi woyamba wa teremu iliyonse.